Maondo a Mkulu wa Zombo

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikuchapira munthu mmodzi yemweyo
m'chipinda chapansi pa nyumba ya zisudzo ku Piraeus,
momwe mapaipi amatsokomola usiku wonse.
Omuvala asintha kanayi. Iye sasintha.
Anamulemba kalekale, magetsi asanabwere,
ndipo madzulo alionse amalakwa pamalo pomwepo.

Mlonda wa nyali ya padoko amamuuza kuti mphepo yatembenuka.
Iye amaseka, n'kuiwomba mbama nkhalambayo anthu akuona,
n'kulamula kuti zombo zinyamuke.
Amuna makumi anayi amamira m'gawo lachitatu
kuseri kwa nsalu yabuluu imene Anestis ndi mphwake amagwedeza.
Iye yekha nyanja imamulavula.

Dzulo Myrto, mtsikana wong'amba matikiti,
anatsika ndi khofi wake ndi mkwiyo wake wa kuyunivesite.
Akuti, Mayi Evdokia, anthuwa amaombera m'manja chiyani?
Wakupha wovala mkanjo wofiira?
Akanangomvera nkhalamba ija
sewero likanatha m'mphindi khumi, aliyense ali moyo.
Lefteris, amene akumusewera chaka chino,
anayankha uku akupukuta utoto kumaso:
Ndi ngwazi, mwana iwe. Tamvera mawu ake omaliza,
mizere makumi asanu, holo yonse kuti zii.
Ngati kuti kulankhula bwino kumavuula mitembo.

Ine sindinalowerere. Buluku lake linali m'manja mwanga.

Mkanjo sudetsedwa kwenikweni, kathukuta chabe m'khwapa.
Chimene chimandithera sopo ndi maondo.
M'gawo lomaliza amayenda khomo ndi khomo,
wopanda nsapato, wopanda womuperekeza,
kugogoda, kugwada, kutchula dzina la womira,
n'kunena kuti, Ndine ndinamutuma.
Pa siteji zitseko zilipo zisanu ndi ziwiri,
koma sewero likuti anafika pa zonse makumi anayi.
Wina amamulavulira. Wina amatseka osayankha.
Wina amamufunsa ngati mwana wake anaitana mayi.
Maondowo ndaika zigamba kasanu ndi katatu.

Thanasis wanga anapsera m'mimba mwa sitima ku Perama,
m'thanki yomwe anati ilibenso mpweya woyaka.
Amene anasaina pepala loti alowemo
sanapondepo pakhomo panga.
Panabwera envulopu, ndi loya wa nsapato zowala
amene analakwitsa dzina lathu kawiri.
Mpaka lero ndilibe nkhope yoti ndiilavulire.

Ndiye musandiike pampando woweruza,
mlandu uwu ndili nawo mbali.
Ndikati ngwazi, akazi makumi anayi aja amanditembenukira.
Ndikati wakupha basi, zigamba izi zimandikana.

Koma pali khomo limodzi lomwe sapitako.
Ndamvetsera kuseri kwa katani mausiku osawerengeka,
ndinabwerekanso buku la wonong'oneza mawu kuti ndione ndekha:
kwa mlonda wa nyali uja sagogodako.
Amasiye amawagwadira, inde.
Munthu amene ananena zoona, tsaya likadali lotupa,
amamudutsa ngati mtengo.
Ndinamuuza Lefteris zimenezi tsiku lina.
Anati wolembayo anangoiwala.
Ine sindikhulupirira kuti anaiwala.

Myrto anandifunsanso ali pamasitepe,
Nanga inuyo mukuti chiyani?
Ndinati, Tagwira mwendo uwu tifinye.
Anagwira. Madzi anatuluka akuda,
fumbi la siteji, osati magazi.

Ndaliyanika pa paipi yotentha, liuma pofika masana.
Mawa naini koloko mphepo itembenukanso,
nkhalamba ikweza nyali yake ya pulasitiki,
ndipo ine, mayi wamkulu ndi imvi zanga,
ndidzaima mumdima pafupi ndi zingwe,
chala chili pakamwa,
kudikira ngati lero mwina amva.