Nambala 214

Ku Svendborg chisanu chikatha madzi sachedwa kuitana,
ndipo Eskil Thorup, bondo lamanzere likulira ngati chitseko,
amavundukula bwato lake m'shedi ya kuseri kwa doko.
Matabwa a chaka cha 1961. Nambala ya pathanga
idasuluka kalekale; iye amaiwerenga ndi chala.

M'bwato ili mulibe wina womukankhira mlandu.
Dzanja ili pachiwongolero,
linalo likulimbana ndi chingwe,
mano agwirizira chotsala,
thupi lonse lalendewera kunja, msana ukupsompsona mafunde.
Chala chimodzi sichiswa nsabwe, amatero anthu
amene sadamuone Eskil atayambana ndi mphepo ya kumadzulo.

Chikho sadatengepo.
Kamodzi kokha, ku Kiel, adatsogolera mabwato makumi asanu
mpaka pamgolo wofiira womaliza,
mlongoti udangoti thyo!
Onse adamudutsa akukapa madzi ndi chipewa,
iye n'kumawapatsa moni mmodzimmodzi.

Lero ana ali ndi mabwato apulasitiki,
opepuka ngati chigoba cha dzira,
ndi mawotchi odziwa kumene mphepo ikuganiza zolowera.
Mdzukulu wake Solvej amamupitirira mphindi zitatu zisanathe,
osacheuka n'komwe.

Mfuti ikalira Lachitatu madzulo
Eskil amanyamuka mochedwa, monga kale,
akulalatira thanga ngati mnzake wa paubwana.
Amafika wachikhumi ndi chinayi.
Pamtunda, zala zitauma gwa ndi kuzizira,
amasuzumira m'kope la mnyamata wolemba nthawi:
kodi ndamusiya m'mbuyo uja ndi ndani?