Buku la Mphatso

Patebulo la pakhomo, pambali pa sopo wosambira m'manja,
pali buku lachikuto chobiriwira.
Amati chilichonse chimene nkhalamba yakupatsa
ulembe m'menemo: tsiku, dzina, mtengo wake.

Lachiwiri lapitali, Bambo Aldridge a m'chipinda cha naini,
amene ndimawameta ndevu ndi kuwaveka masokosi,
anandifumbatitsa mapaundi khumi
atawapinda kanayi ngati kalata ya chibwenzi.
"Ukamugulire mwana wako chokoleti."
Ndinakana. Nkhope yawo inagwa.
Kwathu wobweza mphatso ya munthu wamkulu
amafunsidwa kuti anakulira khomo la ndani;
umalandira ndi manja awiri, bondo litapindika.
Koma kuno kamera ili pakona, diso losaphethira.
Ndinalemba: anapereka, ndinabweza.
Mayi Hargreaves anawerenga, nati ndine chitsanzo.

Chitsanzo!

Madzulo omwewo, pasiteji ya basi,
mvula ya ku Coventry ikuwaza ngati yamanyazi,
foni inalira. A Kaliwo.
Ndiwo amagawa mashifiti kukampani imene inatibweretsa.
Sapempha. Munthu wakwathu sapempha, amangodandaula.
"Mlongo, kunjaku kwazizira.
Sabata yamawa ndili ndi mausiku anayi,
ndikuganizabe woti ndimupatse."
Wamakutu wamva.
Mapaundi makumi awiri anachoka pafoni yanga,
ndinalembapo kuti ya fanta,
chonsecho a Kaliwo ali ndi shuga,
fanta anasiya ndisanabwere kuno.

Kuseri kwa chitseko cha kuchimbudzi anamatako pepala:
mukaona zachinyengo imbani nambala iyi,
dzina lanu sitidzalitchula.
Ndimaliwerenga tsiku ndi tsiku, ndinaliloweza.
Koma Amalawi pakampani tilipo asanu ndi mmodzi.
Dzina losatchulidwa pakati pa anthu asanu ndi mmodzi
limafika kwa mwini wake tiyi asanazizire.

Nanga si a Kaliwo omwewa
anandichingamira ku Heathrow atanyamula jekete ya akazi awo?
Si iwo anayendetsa mbale khomo ndi khomo
mwamuna wa Tiyamike atagwa pantchito,
mpaka bokosi linakwera ndege, linakafika ku Ntcheu?
Lamlungu amaimba besi kumbuyo kwa kwaya,
maso ali tsinzi.
Amati mnzako akapsa ndevu mzimire.
Sananene kuti ukatero uzimulipira madzi mwezi uliwonse.

Eni dziko nawo ndawaona.
Iwo sapinda ndalama m'chikhatho.
Denga litayamba kudontha chaka chatha
ntchito inapita kwa mlamu wa Mayi Hargreaves.
Anakambirana kubala, Lachisanu, mpira uli pakanema.
Amati kumeneko ndi kudziwana chabe.
Denga likudonthabe,
ndimakhuthula ndowa yake ndine, folo koloko m'mawa.
Ndatsegula buku lobiriwira tsamba ndi tsamba,
ndapezamo mabisiketi, maluwa, sikafu yoluka pamanja.
Tsamba la alamu mulibe.

Dzulo kunabwera mtsikana watsopano, Esinala,
nsapato zake zikadali ndi fumbi la ku Lunzu.
Tikupinda nsalu zoyala anandinong'oneza:
"Asisi, kuti munthu apeze mashifiti amatani?"
Pakamwa panga panayankha ndisanaganize:
"Makumi awiri. Ulembe kuti ya fanta."
Anandithokoza ndi manja awiri.
Ndinamusonyezanso buku lobiriwira,
pamene amalemba tsiku, pamene amasaina.
Maphunziro onse awiri anawamaliza tsiku limodzi,
mphunzitsi wake ndine, chitsanzo uja.

Lero m'mawa Bambo Aldridge sanandifunse za mwana.
Anangotukula chibwano, lezala linadutsa, zii.
Potenga chipeso m'dirowa ndinawaona
mapaundi khumi aja, akadali opindika kanayi,
atagona pansi pa magalasi awo.
Pa ndalama zonse zimene zadutsa m'manja mwanga mwezi uno
zokhazo ndi zimene sizinkagula kanthu,
ndipo ndi zokhazo zimene ndinazinenera.

Ndinatseka dirowa mwakachetechete,
ndinawapukuta thovu kuseri kwa khutu.