Chipinda cha Kuseri

Chipinda chimene ankagonamo Tiyanjane asanakwatiwe
ndinachipaka laimu, ndinagula mabulangete awiri pa kaunjika,
poti Juni wa ku Dedza samvera chisoni mlendo.
Mdzukulu anachijambula, nachiika pa foni.

Kunabwera mzungu wofuna mapanga a ku Chongoni,
masiku atatu, analipiriratu ali kwawo.
Ndalama inayenda ulendo wautali kuposa mwini wake,
inafika itawonda.

A pa intaneti anadula zawo, ngakhale moni osapereka.
Banki inanyambita posintha madola.
Msonkho wa alendo wakhala pakhonde kudikira mwezi uthe,
a khonsolo akuti laisensi, apo ayi loko pachitseko.

Usiku ndikuwonkhetsa m'kope lakale la Tiyanjane:
makala otenthetsera madzi, sopo, mazira asanu,
mayunitsi a magetsi amene anathera kutchaja kamera.
Zotsala ndi theka la thumba la kachewere.

Iye wandipatsa nyenyezi zisanu.
Ndafunsa a Chimbalanga pa golosale
ngati amalandira nyenyezi.
Aseka, nandikongoza shuga.

Mawa kukubwera awiri a ku Lilongwe.
Zofunda ndachapa kale,
koma dzuwa lakana kutuluka kuphiri.