Mamilimita Mazana Atatu

Pa zithunzi zonse za chaka chatha
Dobrawa ndi kadontho kachikasu
pakati pa mizati iwiri ya golo,
kanjere ka mpiru kogwera pa kapinga.
Ndimaloza ndi chala: uyu ndi mwana wanga.
Anzanga ku depoti ya matramu amagwedeza mitu,
kundikhulupirira mwaulemu chabe.

Ndiye Lachinayi nditaweruka
ndinakhota kuseri kwa msewu wa Piotrkowska,
kukashopu kogulitsa makamera ogwiritsidwapo kale,
m'thumba muli mazloty mazana asanu ndi limodzi
amene ndinkasungira matayala a nyengo ya chipale.

Mayi Wiesława anandanda malenzi atatu pa nsalu.
Yoyera ija, yonenepa ngati khanda la miyezi itatu,
mtengo wake sanautchule pakamwa.
Anaulemba pa kapepala
n'kundiyang'ana mmene dokotala amayang'anira wodwala.
Ndinaseka. Iwonso anaseka.
Inabwerera m'kabati, kiyi n'kulira.

Yachiwiri inali yopepuka, yaukhondo, ya m'bokosi lake,
koma imathera pa mazana awiri.
"Idzakufikitsani pakati pa bwalo," anatero,
"n'kukusiyani pomwepo."
Pakati pa bwalo ndilibepo mwana ine.

Yachitatu: kuyambira makumi asanu ndi awiri
kufika mazana atatu.
Pulasitiki yekhayekha, labala wake wosuluka,
kafumbi kamodzi kali phee mkati mwa galasi
ngati mlendi amene anakana kusamuka.
Anaiunika ndi tochi kuti ndione ndekha:
fumbi lokha, nkhungu mulibe.
Sanandibisire kanthu.
Imakonda dzuwa.
Kukachita mdima imasakasaka
ngati munthu wofuna mandala ake pansi pa bedi.
Siidziwa kukhululukira dzanja lonjenjemera.
"Zigongono m'nthiti. Tulutsani mpweya. Kenako dinani.
Ndipo musaikokere mpaka kumapeto kwenikweni,
kumeneko zinthu zimafewa."

Ndinaimangirira ku kamera yanga,
ndinaima pakhomo, ndinapotokola.
Inalira ngati udzudzu, n'kukhala chete.

Mzinda wa Łódź unadza n'kundigunda pamphuno.
Tsidya la msewu, nsanjika yachinayi,
mkulu wina wovala vesiti
ankasokera batani pa malaya,
lilime lili kunja pang'ono, ulusi utamukana.
Zaka makumi awiri ndadutsa pafupi ndi windo limenelo
ndikuliza belu la tramu.
Ndinatsitsa kamera msanga,
manyazi atandigwira ngati ndalowa osagogoda.

Ndinanenerera. Anachotsako makumi atatu
n'kuwonjezera chivindikiro cha lenzi ina
chimene chimakwana ukachikankha ndi mtima wonse.

Loweruka kunagwa mvula yowaza.
Dzuwa lolonjezedwa lija silinabwere kumasewero.
Ndinajambula zithunzi mazana awiri ndi khumi ndi zinayi:
ukonde wakuthwa, mwana ali mbuu,
msana wa woimbira,
mwendo wopanda mwini,
ambulera ya munthu wa kutsogolo kwanga, kasanu ndi kawiri.
Zigongono ndinaziiwala
nthawi zonse mpira ukayandikira.

Usiku kukhitchini, tiyi atazizira,
ndinachipeza.
Si chithunzi chopachika pakhoma.
Mpira uli kale m'golo, kumbuyo kwake.
Iye wagwada bondo limodzi,
matope pachibwano, magolovesi ali m'mwamba,
akukalipira otchinga kumbuyo,
ndipo pakati pa nsidze zake
pali kamzere koongoka, kozama,
kamene ndimakaona m'galasi la tramu
galimoto ikandidulira njira.

Zaka khumi ndi zinayi tikudyera tebulo limodzi.
Sindinkadziwa kuti anakatenga.

Dobrawa anasuzumira paphewa panga:
"Tata, fufutani, pamenepo anandigoletsa."
Ndinati mawa.

Matayala akadali osalala.
Chipale chikagwa ndidzayenda wapansi,
lenzi ili m'kati mwa jekete,
kafumbi kake ndi ine.