Msana Wobwereka

Anabwera nacho Lolemba, m'katoni,
mtsikana wa ku ofesi, wa nsapato zosadziwa fumbi,
nati, Bambo Shawa, tembenukani.
Ndinatembenuka ngati mwana womuyesa yunifolomu.
Lamba m'chiuno, malamba m'ntchafu, zingwe m'mapewa,
nthiti ziwiri zachitsulo kutsetsereka ndi msana wanga,
zomangira n'kuluma, kwe! kwe!

Anzanga kuseka.
Yelesani akuti ndasanduka nkhanu,
Akimu akuti ayi, chiwala chimenecho, chaiwala mapiko.
Ndinawerama kuti thumba la soya liwayankhe,
ndipo thumbalo linadzuka nane
ngati wina wandigwira m'chiuno mwaulemu,
wosafuna kuti ndimuthokoze.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
pa depoti ya mumsewu wa ku Lundazi:
mtedza, feteleza, mpendadzuwa,
chimanga chonyowa chonamiza sikelo.
Pansi pa msana wanga pamakhala mlendo wosalipira lendi,
ali ndi msomali, amauwotcha mbandakucha.
Ndinamupatsa mapiritsi, anameza.
Ndinamutemera mphini ku Katete, anagona sabata imodzi.
Adokotala ku Kapata anati, Muzipumako, bambo.
Ndinafuna kuwafunsa shopu yogulitsa kupuma.

Atate anapindika m'minda ya fodya ya eni ake
mpaka ankapereka moni kwa nyerere.
Bokosi lokha ndilo linawawongola.
Tsiku limenelo, thumba lili paphewa,
ndinawakumbuka, n'kupukuta m'maso
ndi kunamizira fumbi.

Koma zitsulozo n'ziwiri, ife tili khumi ndi mmodzi.
Mayina analembedwa ndi choko pachitseko.
Langa ndi Lachiwiri, ndi Lachisanu masana.
Masiku enawo ndimayang'ana Akimu
akuvina ndi matumba, atavala thukuta langa ladzulo,
ine ndikukambirana ndi mlendo uja.

Sabata yachitatu kapitawo anatsegula buku,
nanyowetsa chala, nati,
Popeza tsopano muli ndi wokuthandizani,
lole ya ku Mwami ithe isanakwane teni.
Matumba mazana awiri anabala ana makumi asanu ndi limodzi.
Chitsulo sichinadandaule.
Mawondo ndiwo anayamba kulankhula,
iwo alibe lamba.

Sindichinyoza, ayi.
Lachiwiri ndimamanga ndekha zingwe za nsapato.
Lachiwiri ndimaseka mpaka pansi pamimba osagwira khoma.

Madzulo ndimachivula, ndimasainira.
Amachipukuta ndi kansalu, amachidontheza mafuta,
amachipachika pamsomali, n'kukiya chitseko kawiri.
Chili ndi nambala yake, chili ndi tsiku lokachiona amisiri.
Msana umene ndinabadwa nawo
palibe anaulembapo m'buku.
Ndimaukweza panjinga, tonse awiri kulowera ku Mchini,
phiri la Kanjala likutiyang'ana chowerama,
kaya nalonso linasenza chiyani.

Kunyumba ndimagona chafufumimba pamphasa.
Tisauke amavula masilipasi, nakwera,
tizidendene take kufunafuna msomali uja,
apa? apa? kapena apa?
Wamva kusukulu kuti atate ake ndi loboti.

Atate, chija chili kuti?
Chagona kuntchito, mwanangu.
Chimatopa?
Sichitopa.
Nanga bwanji chimagona, inu n'kubwera pa njinga?

Ponda kumanzere pang'ono, ndikutero.
Pomwepo.
Usachokepo.