Chiswe Sichiwerenga Chikwangwani

Anabwera atatu pa galimoto ya boma,
mwezi wa Julaye, chiperoni chitafunditsa Bangwe bulangete.
Wina anayeza khonde ndi tepi,
wina anagogoda nsanamira ngati akusankha chivwende ku Limbe,
wachitatu, mayi wa magalasi, anafunsa chaka.
Ndinamulozera pamwamba pa khomo:
1924, manambala okanda ndi msomali
pulasitala asanaume.

Tsopano pakhoma pali chikwangwani chamkuwa.
Akuti nyumba yathu ya ku Chigumula ndi chuma cha fuko.
Akuti ndisasinthe ngakhale loko
popanda kalata ya chidindo.
Ndinavomera, ndinawathirira vinyo wa masuku m'matambula,
koma chiswe sichiwerenga chikwangwani,
ndipo denga la kum'mawa likudonthabe
m'beseni lomwe lija la malemu mayi.

Chikwangwani chatchula mzungu wa fodya
amene analoza ndi ndodo kuti pamangidwe.
Anagonamo zaka khumi ndi ziwiri,
malungo ndi ngongole zinamulongedzetsa.
Sichinatchule Yotamu Kambwiri,
mnyamata woumba njerwa kudambo kuseriku,
amene anaponda dothi mpaka zidendene kung'ambika,
nabwerako ku migodi atamera imvi, ndalama zili m'chitini,
kudzagula makoma amene anawasenza pamutu.

Tsikani kuno. Samalani sitepe yachinayi.
Walitsani foni apa, pansi pa uta wa njerwawu:
icho chala chake chachikulu,
chinadinda dothi likadali lofewa, ng'anjo inachisunga.
Chidindo chimene ine ndimachidziwa n'chimenechi.

Chipinda chapansichi anachikumbira fodya
kuti afewe ndi chinyontho.
Ife tinachilemba ntchito ina.
Agogo anayamba ayesa mphesa,
mizere isanu ndi umodzi kumunsi kwa chitsime;
nkhungu inadya zake, zotsala anamaliza apumbwa.
Anatukwana sabata yathunthu.
Ndi azakhali Esinta amene anati,
nanga masuku akuwolera pansiwa,
nanga jambula akutidetsera zovala pachingweyu?
Mpingo unawaimitsa mgonero zaka ziwiri.
Chaka chachitatu abusa anatuma mwana pa njinga
kudzafunsa, monong'ona, ngati latsalapo botolo.

Yang'anani kumwamba. Mitandayo ndi mkungudza wa ku Mulanje,
mukaikanda ndi chikhadabo imanunkhirabe phiri.
Makoma ndi okhuthala mkono wathunthu,
n'chifukwa chake mu Okutobala, tauni ikamawira,
migolo yanga imagona osatembenuka.
Khonde linazungulira mbali zitatu zokha;
yachinayi, ndalama zinathera panjira,
ndipo mpaka lero njerwa zapangodya zatulutsa mano
kudikira zinzake.
Mayi wa magalasi uja anazijambula kanayi.
Anati nakonso kusamalizako n'kosungidwa.

Mchimwene wanga wa ku Namiwawa
ankafuna tigwetse, timange mashopu ndi malo otsukira galimoto.
Anali atabwera kale ndi munthu wa mapulani.
Chikwangwani chamutseka pakamwa,
apo pokha boma ndalithokoza.
Pa Khirisimasi amabwerabe, amatenga mabotolo asanu,
salipira.

Usiku magetsi akathima ndimatsika ndi kandulo
kudzamvetsera.
Mgolo wa chidede ukuti bwa, n'kupuma, bwa.
Wa mapichesi wayamba kuchepetsa mawu, wakhwima.
Pamwamba, mkati mwa felemu ya zenera lakumpoto,
kumveka ntchito ina ya anthu osagona,
tche tche tche,
iwonso banja, iwonso akhala pano mibadwo yambiri
kuposa ife.

Mawa ndilemba kalata yachitatu yopempha malata.
Ndisanakwere ndimaika chala changa m'chala chija.
Sichikwana. Changa n'chaching'ono,
chofiirira ndi jambula mpaka m'chikhadabo,
ndipo dothi linauma kalekale.