Kaundula wa Oyembekezera

Januwale akangolowa, kabuku kamafika,
konunkha inki, kosalala ngati mbale yatsopano,
ndipo belu la pachitseko cha sitolo yanga, kuno ku Carlisle,
silipumanso.
Amalowa ndi majekete onyowa, ambiri a imvi,
kudzafunsa za sitima zomwe sizinabadwe.

Tsamba lililonse ndi lonjezo.
Iyi yobiriwira, ya mizere yagolide, akuti ituluka mu Juni.
Mabogi atatu ofiirira a apaulendo, kumapeto kwa chaka.
Ngolo za malasha, zazing'ono ngati bokosi la machesi,
tsiku silinadziwike.
Zina n'zithunzi chabe za pakompyuta,
zotuwa, zopanda penti, zopanda nambala,
koma anthu ayamba kale kukangana
kuti chumuni chatalika ndi theka la milimita.

Bambo Aldous Pickersgill sakangana nawo.
Amafika Lachinayi pa basi ya teni koloko,
ndodo patsogolo, mpweya pambuyo.
Ali mnyamata ankaponya malasha m'ng'anjo
ya injini yakuda yokoka katundu,
kukwera chitunda cha Shap usiku,
nkhope ikupsa, msana ukuuma ndi chisanu.
Injiniyo inadulidwa n'kugulitsidwa pa sikelo
chaka chomwe iwo anakwatira.

Ataipeza pa tsamba 41 anaikapo chala, duu.
Kenako: "Yayera kwambiri. Yathu sinasambepo."
Ndinawauza kuti kutuluka ina yopakidwa mwaye ndi dzimbiri,
kungowonjezera mapaundi makumi awiri.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Litsiro lomwe mkazi wanga ankalitukwana pa malaya,
lero mukuligulitsa?"
Anapereka chikole. Ndinalemba dzina ndi pensulo,
monga ndimalembera onse.

Juni anadutsa. Akuti zikombole zalakwika kufakitale.
Okutobala, akuti kontena ili panyanja.
Khirisimasi, ili padoko, ikudikira mapepala.
Lachinayi lililonse funso lomwelo,
ine yankho lomwelo,
iwo n'kugula kabotolo ka guluu kosowa nako ntchito
kuti asatuluke chimanjamanja.

Masabata atatu a Febuluwale sanabwere.
Ndinkatsegula kaundula n'kumutsekanso.
Muli mayina ena m'menemo omwe ndinafufuta,
mabokosi awo anadzatengedwa ndi ana ovala zakuda
osadziwa n'komwe kuti anagula chiyani bambo awo.

Katoni inafika m'mawa wa mvula yowaza.
Lachinayi lake anatulukira, ataonda,
khosi likusambira m'kolala,
kachibangili ka kuchipatala kadakali pamkono.
Manja ankanjenjemera. Timawilo tinakana
kukhala panjanji mpaka ndinawagwirira.
Ndinapotokola kabatani.
Inanyamuka mwaulesi, timikono tachitsulo tikupalasa,
kudutsa kasiteshoni ka pulasitiki,
nkhosa zomatidwa paudzu wosamera,
kulowa m'phanga la mapepala, zii,
n'kutulukira uko, pafupi ndi ketulo yanga.

Anawerama mpaka mphuno kugunda denga lake.
M'kachipinda ka woyendetsa munalibe munthu.
"Fosholo aiika mbali yolakwika," anatero.
Anavula magalasi n'kuwapukuta
nthawi yaitali kuposa momwe magalasi amafunira.

Ndikukulunga bokosi, ndinamva mapepala akulira.
Anali atatsegula kabuku ka chaka chino.
Ngolo ya mlonda, ija yotsalira kumapeto kwa sitima,
ya kanyali kofiira ndi kachumuni ka mbaula:
ituluka zaka ziwiri zikubwerazi, mwina zitatu,
inu mukudziwa mmene amalonjezera.
Iwo ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu n'chimodzi.

"Mayi Threlkeld," anatero, akupisa m'thumba,
"sitima ya katundu siyenda yopanda mchira.
Lembani dzina langa."

Pensulo inali pakhutu panga.
Ndinaisiya pomwepo, ndinafunafuna m'dirowa
pansi pa malisiti ndi timisomali
mpaka ndinapeza cholembera cha inki.